Mimba ya Nuni

Mwana wa m'chigwa cha Domasi amakula ndi sukulu ziwiri. M'mawa amavala yunifolomu napita kukaphunzira Chingerezi, sayansi ndi masamu. Dzuwa likapendeka amabwera kwa ife ku madarasa, nakhala pamphasa kuphunzira alifu, ba, ta. Kunyumba amayankhula Chiyao, pamsika wa Songani Chichewa, m'kalasi Chingerezi, kwa ife Chiarabu. Kuchuluka kwa zilankhulo sikutidetsa nkhawa, pakuti mutu wa mwana ndi nkhokwe yosadzaza msanga. Chimene chimatisowetsa tulo ife aphunzitsi a masana ndi mpanda umene ana ambiri amamanga m'mutu mwawo pakati pa m'mawa ndi masana, ngati kuti nzeru za mbali ino sizingaoloke kupita mbali inayo.

Mpandawu sanauyambitse ndi iwo. Mishoni ya Church of Scotland itakhazikika ku Domasi m'chaka cha 1884, m'dera la mfumu Malemia, sukulu inabwera itagwirana manja ndi tchalitchi, ndipo makolo ambiri achisilamu anaona kuti kutumiza mwana kukaphunzira kuwerenga kunali kumutumiza kukasintha dzina ndi chipembedzo. Anateteza chikhulupiriro chawo, ndipo sitingawaweruze ife amene tinachipeza chosungika. Koma bala lake linatsala kwa mibadwo ingapo. Lero pafupi nafe pomwepa pali Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi ya dziko lonse, ndi Domasi College of Education, kumene amasula aphunzitsi a sekondale. Ku Zomba, ulendo wosakwana ola limodzi pa minibasi, kuli MANEB yokonza mayeso ndi University of Malawi. Maphunziro atizinga monga momwe atizingira mapiri a Zomba ndi Malosa. Komabe mtsikana amene amasunga pamtima masamba ambirimbiri osaphonya ngakhale shadda imodzi, akafika Folomu 4 nakumana ndi mutu wa ma polynomial, amatiuza mosabisa kuti masamu si a iye. Ndipo amene masamu amukana pa MSCE, makomo a unamwino, uinjiniya ndi zachuma amamutsekekera pamaso.

Mawu akuti polynomial amaopsa kuposa chinthu chake. Ndi chiganizo cha masamu chomangidwa ndi nambala yosadziwika, imene amailemba x, pamodzi ndi nambala zodziwika, pogwiritsa ntchito kuphatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa basi. Mwachitsanzo, x² + 10x − 39. Ife amene tinadutsa m'makoleji achisilamu tinakumana nacho chinthu chomwechi chitavala mkanjo wina, m'phunziro la faraidh, la kagawidwe ka chuma cha masiye. Cha m'ma 820, mu mzinda wa Baghdad, pa ulamuliro wa khalifa al-Ma'mun, Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba buku la al-jabr ndi al-muqabala, ndipo gawo lalikulu la kumapeto kwake ndi la milandu ya chuma cha masiye ndi wasiya. Mawu akuti aljebura anachokera pa mutu wa bukulo, Robert wa ku Chester atalimasulira m'Chilatini mu 1145. Mawu akuti algorithm, amene akatswiri a makompyuta sangathe tsiku osawatchula, ndi dzina la mlembiyo litapotozedwa ndi malilime a ku Ulaya.

M'buku lonselo mulibe x ngakhale mmodzi. Zonse anazilemba m'mawu. Nambala yosadziwika ankaitcha chinthu kapena muzu, ndipo ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ankaitcha chuma. Funso lake lodziwika kwambiri tingaliike m'chinenero chathu motere: chuma chimodzi ndi mizu yake khumi zikakwana 39, muzuwo ndi wotani? Njira yake ndi yoti mwana wa Sitandade 8 angaitsatire. Tenga theka la khumi, ndiye 5. Chulukitsa 5 ndi 5, ndiye 25. Phatikiza ndi 39, ndiye 64. Nambala imene imabala 64 ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ndi 8. Chotsapo 5 uja, patsala 3. Ndipo sanalekere pomwepo: anajambula bwalo la mbali zinayi zofanana, nalimata timinda m'mbali mwake, kuti diso lione chifukwa chimene njirayo siinama. Tikamalongosola izi pabolodi, ana amene amati masamu si awo amayankha 3 tisanamalize kufunsa.

Makina a masamu anafika pakati pathu kudzera mwa mmodzi wa ana athu akale, amene tsopano akuphunzira uphunzitsi wa masamu. Patchuthi anabwera ndi laputopu yakale, ya batire losachedwa kutha, ndipo anatiikira m'mafoni pulogalamu yotchedwa GeoGebra. Anaiyamba ndi Markus Hohenwarter mu 2001 ali wophunzira pa yunivesite ya Salzburg ku Austria. Ndi yaulere, ndipo ikalowa m'foni imagwira ntchito ngakhale popanda bandulo ya intaneti, chimene kuno si chinthu chaching'ono. Pa laputopu panali inanso, Maxima, mdzukulu wa Macsyma imene inayambika ku MIT ku America mu 1968.

Kusiyana kwa mapulogalamuwa ndi kakyuleta wa pagolosale tinakumvetsa msanga, chifukwa kunakhudza ntchito yathu yeniyeni. Taganizirani mayi amene wamwalira wopanda mwana kapena kholo, nasiya mwamuna ndi abale ake aakazi awiri a bambo ndi mayi mmodzi. Gawo la mwamuna ndi theka. La abale awiriwo ndi magawo awiri mwa atatu. Mukaphatikiza 1/2 ndi 2/3, kakyuleta amakupatsani 1.1666 ndi mchira wa ma 6 wosatha, nambala imene simunganyamule kupita nayo pabwalo la anamfedwa. GeoGebra, m'chigawo chake cha aljebura, imayankha 7/6, ndipo wophunzira faraidh aliyense akaona 7 pamwamba pa 6 amazindikira nthawi yomweyo kuti wafika pa awl, njira imene inakhazikika m'nthawi ya khalifa Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye: chumacho chimagawidwa pa 7 m'malo mwa 6, mwamuna atenge magawo 3, abalewo 4. Ngati chuma chatsala K700,000 ngongole zitabwezedwa, mwamuna alandira K300,000 ndipo aliyense wa abale awiriwo K200,000. Makinawa sadula nambala mchira. Amaisunga yathunthu monga momwe ankaisungira anthu ophunzira akale, ndipo amachita chimodzimodzi ndi zilembo. Mukalemba Factor ndi kuikamo x³ − 6x² + 11x − 6, musanachotse chala pagalasi akuyankhani kuti (x − 1)(x − 2)(x − 3). Ntchito ya kugawa ma polynomial imene al-Samaw'al anaiyala m'mizere ya matebulo m'zaka za m'ma 1100, ali mnyamata wa zaka 19, foni ya mtengo wotsika imaimaliza m'kuphethira kwa diso.

Apa ndi pamene ena mwa ife anakwinya nkhope, ndipo anali ndi chifukwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amene wapeza kuti foni ikhoza kumulembera ntchito ya kunyumba adzabwera ndi kope lodzaza mayankho okhoza ndi mutu wopanda kanthu, ndipo m'chipinda cha mayeso foni siloledwa. Tinaonanso china. Titapatsa makinawo funso la al-Khwarizmi lija, anatibwezera mayankho awiri: 3 ndi −13. Sananame, pakuti −13 imakwaniradi m'chiganizocho. Koma ngati funso linali la utali wa mbali ya munda, munda wa mbali −13 kulibe m'chigwa chonse cha Domasi. Ngati linali la ndalama, −13 ikhoza kukhala ngongole. Makina sadziwa ngati mukukamba za munda kapena za ngongole, ndipo sadzakufunsani. Kusankha kumatsalira munthu.

Chimene chinasintha maganizo athu sichinali liwiro la makinawo, koma funso limene mwana wathu uja anatifunsa tsiku lina titatha swala ya Asr. Anati, "A Mwalimu, polemba nuni mumayambira pati?" Tinaseka, pakuti funsolo ndi la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Umayambira kumanja, kumwamba, nutsika, nuzungulira mimba yake kulowera kumanzere, nukweranso, kenaka uike kadontho pamwamba. Iye anati zimenezo ndi zimene galafu wa kusukulu sangathe kunena.

Anatilongosolera motere. Galafu amene ana amaphunzira, wa mtundu wa y = x², amangonena kuti pa x wakuti, mzere uli pamsinkhu wakuti. Sanena kumene mzere unayambira kapena kumene ukulowera, ndipo pa x mmodzi amalola msinkhu umodzi wokha. Tsono mutu wa mimu kapena wa wawu ndi wozungulira. Mukaimika ndodo pakati pake, ikhudza mzerewo kawiri, pamwamba ndi pansi. Galafu wotero sangaujambule. Pali njira ina, imene mabuku amaitcha parametric curve. M'malo momangirira y kwa x, onse awiri mumawamangirira kwa nambala yachitatu, t, imene tingaiyese nthawi. Pamene t ali 0, cholembera changokhudza pepala. Pamene t wafika pa 1, chanyamuka. Pakati ponsepo x amanena kuti dzanja lapita motani cham'mbali, y amanena kuti lakwera kapena latsika motani. Ndi masamu a ulendo wa dzanja.

Tinayesa. Anatiuza kuti tisankhe madontho atatu: poyambira kumanja, pothera kumanzere, ndi lina pansi limene limakoka mzere ngati mwala womangidwa pachingwe, ngakhale mzerewo sufika pamene lili. Tinasankha (4, 3), (0, 3) ndi (2, −3). Makina atachulukitsa ndi kusonkhanitsa zonse anatipatsa ma polynomial awiri aafupi: x = 4 − 4t, ndi y = 3 − 12t + 12t². Aliyense angayese ndi pensulo. Pa t = 0, dzanja lili pa (4, 3), kumanja. Pa theka la ulendo lili pa (2, 0), pansi penipeni. Pa t = 1 lafika pa (0, 3), kumanzere. Titalemba lamulo la Curve ndi kuuza kadontho kuti kayende, tinakaona kakutsika kuchokera kumanja kupita kumanzere, mbali imene Chiarabu chimayendera. M'chipindamo munakhala chete kwa kanthawi.

Koma amene anaphunzira kulemba pansi pa shehe wokhwima dzanja sanakhutire. Chimene chinatuluka chinali mbale, osati nuni. Milomo yake inali yoyasamula kwambiri, pamene mimba ya nuni imafanana ndi mphika, yotakata pakati kuposa kukamwa. Mwana wathuyo anavomera, nati madontho atatu sangapitirire pamenepo. Pafunika anayi, awiri okoka. Tinasunga poyambira ndi pothera, n'kuika okoka pa (5, −1) ndi (−1, −1). Chodabwitsa n'chakuti y sanasinthe ngakhale pang'ono, koma x anasanduka 4 + 3t − 21t² + 14t³. Taonani 3t ameneyo: ndiye amene amakankhira dzanja kunja pang'ono, kumanja, lisanabwerere kumanzere, monga momwe woumba amatulutsira mimba ya mphika pansi pa khosi. Kwa zaka zambiri takhala tikugwira dzanja la mwana ndi kumuuza kuti, "Tulutsa pang'ono, usathamangire kukhota." Sitinkadziwa kuti mawu amenewo ali ndi nambala yake.

Mizere yotereyi imatchedwa ndi dzina la Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya magalimoto ya Renault ku France, ngakhale kuti Paul de Casteljau wa ku Citroën anali ataipeza kale mu 1959. Onsewo ankafuna njira youzira makina kakhotedwe ka thupi la galimoto. Lero chilembo chilichonse chimene mumawerenga pafoni, cha Chichewa kaya cha Chiarabu, malire ake amasungidwa ngati timizere totere tolumikizana, ta madontho atatu kapena anayi. N'chifukwa chake mukakulitsa chilembo ndi zala ziwiri sichiphwanyika. Foni imangowerengeranso ma polynomial aja pamuyeso waukulu. Gogo amene amawerenga pafoni ya mdzukulu wake chifukwa maso afooka, nakulitsa zilembo kufikira ziwoneke, akutumikiridwa ndi mutu womwe uja wa Folomu 4 umene mdzukuluyo akuuthawa.

Panali phunziro lina limene tinalitola pambale yoyamba ija. Tinafunsa makina kuti achotse t, atipatse y ndi x okha. Anachita mosavuta: y = ¾(x − 2)². Yankho ndi lokhoza, laukhondo, ndipo mphunzitsi wa m'mawa angalichonge. Koma titalijambula, mzerewo sunayambire pa (4, 3) kapena kuthera pa (0, 3). Unakwera mbali zonse ziwiri mpaka kutuluka pagalasi, wopanda chiyambi, wopanda mathero, wosadziwa kumanja kapena kumanzere. Maonekedwe anatsala, ulendo unatayika, ndipo makina sanatichenjeze kuti pali chimene chagwa panjira. Ife amene ntchito yathu ndi kumva mwana akuwerenga timaudziwa bwino mtundu wa kutaya kumeneku. Mwana akhoza kutchula zilembo zonse bwinobwino koma osadziwa poyima ndi poyambira, ndipo tanthauzo limasokonekera pomwepo.

Tikhalitse pang'ono pa nkhani ya bwalo lozungulira, chifukwa inatisangalatsa kuposa zonse. Ibn Muqla, nduna ya ku Baghdad imene inamwalira mu 940, ndiye amakumbukiridwa kuti anaika muyeso m'kalembedwe ka Chiarabu: kadontho ka nsonga ya cholembera ndiko kayeso, alifu ali ndi utali wa timadontho towerengeka, ndipo zilembo zokhota zimayesedwa ndi bwalo limene m'mimba mwake mumakwana alifu. Tinafuna tsono kujambula bwalolo ndi ma polynomial, monga tinachitira ndi nuni. Sizitheka, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchimva. Pa bwalo la muyeso 1, x² + y² ayenera kukhala 1 nthawi zonse. Koma ngati x ndi y ali ma polynomial a t, chigawo chachikulu cha aliyense chikachulukitsidwa ndi icho chomwe sichingakhale pansi pa ziro, choncho ziwirizo sizingafafanizane. T akamakula, chiwerengerocho chimakula naye, sichikhazikika pa 1. Kotero bwalo lililonse la m'zilembo za pafoni ndi lonamizira, lolumikizidwa ndi timizere tingapo tosendera pafupi kwambiri moti diso silingazindikire. Makina akanatha kuyesa usiku wonse osatiuza chifukwa chimene akulepherera. Chifukwacho tinachipeza ndi choko.

Mukalola kugawa, khomo limatseguka: x = (1 − t²)/(1 + t²), y = 2t/(1 + t²) amayenda pabwalo lenileni osaphonya. Ikanimo theka m'malo mwa t, mupeza 3/5 ndi 4/5. Nambala zimenezi, 3, 4 ndi 5, mmisiri aliyense womanga nyumba pa Songani amazidziwa, chifukwa ndi zimene amayesa pachingwe pofuna kuti ngodya ya maziko iwongoke. Mnyamata wina amene bambo ake ndi mmisiri ataona zimenezi anaimirira osapempha chilolezo.

Umar Khayyam, wobadwira ku Nishapur mu 1048, ankathetsa mafunso a x³ podutsanitsa mizere yokhota iwiri ndi kuyesa pamene yakumana. Tinayesa x³ + 4x = 16 mwa njira yake, ndi mzere wa x² = 2y ndi bwalo la x² + y² = 4x; zinakumana pa (2, 2), ndipo 8 kuphatikiza 8 ndi 16 ndithu. Chimene iye ankachijambula ndi dzanja mosamala, ife tinachiona m'mphindi ziwiri, batire litatsala pang'ono kutha.

Sitinagwirizane tonse za malo a zinthuzi m'madarasa, ndipo mpaka pano tikukambiranabe. Akuluakulu ena akuti nthawi ya masana ndi yochepa kale, ana amafika atatopa ndiponso ena ali ndi njala, ndipo ola lililonse loperekedwa kwa x lalandidwa kwa tajwid. Ena akuopa kuti zilembo zolemekezeka zisasanduke choseweretsa. Mawu awo ndi olemera, ndipo tinawamvera: timajambula zilembo zokhazokha, chimodzichimodzi, monga zilili pa tsamba loyamba la buku la oyamba kumene, osati mawu a m'Buku lopatulika; ndipo sitinakhudze nthawi ya maphunziro a masiku onse. Timakumana Loweruka m'mawa ndi a Folomu 3 ndi 4 amene afuna. Makolo ena anafunsa ngati tayamba kulipiritsa ngati aphunzitsi a patayimu. Titawauza kuti ayi, ena anakondwa, ena anakayikira kwambiri. Koma ifenso tili ndi mawu athu kwa akuluakuluwo. Faraidh siyimirira popanda masamu, ndipo kuno kwathu, kumene mwambo wa chuma cha kuchikazi ndi malamulo a chipembedzo zimakumana pamaliro amodzi, shehe wosadziwa kuphatikiza 1/2 ndi 2/3 angathe kulanda mwana wamasiye gawo lake ali ndi mtima woyera.

Lamulo la Loweruka ndi limodzi: foni imakhala chafufumimba pamphasa kufikira yankho litalembedwa papepala. Mwana agawe yekha x³ − 6x² + 11x − 6 ndi x − 1, aikemo 1 aone ngati patsala ziro, anene kumene akuganiza kuti mzere udutsa. Akatero ndiye atembenuze foni, ikhale mboni, osati mlembi. Akasiyana ndi makina, sitithamangira kunena kuti wolakwa ndi mwana, chifukwa kawirikawiri cholakwa chimakhala chala chimene chinaiwala chizindikiro polemba funsolo. Mafoni ndi atatu, ana amaposa pamenepo kutali, ndipo magetsi akazima Lachisanu usiku timagwira ndi choko chokha.

Nuni tinamumaliza, ba ndi ra sanativute. Tsopano tili pa aini, amene mutu wake ndi mimba yake zimakhotera mosiyana, moti mzere umodzi wa madontho anayi sukwanira. Pafunika iwiri kapena itatu, ndipo polumikizira pake madontho okoka a mbali zonse ziwiri ayenera kukhala pamzere umodzi wowongoka ngati tifuna kuti pasaoneke chigongono, kupatula pakhosi pamene aini amafunadi ngodya. Atsikana awiri a Folomu 4 atenga mutu, anyamata atenga mimba, ndipo sanagwirizanebe kuti dontho lokumanirana likhale pati.